Mkangano wa mu 1858 udandipeza pakhonde la agogo ku Mchinji

Buku la kuchipatala la agogo anga aamuna ndi lachitatu tsopano, awiri oyamba adadzaza. Ndidawawerenga onse pa holide ya Disembala titakhala pakhonde kumudzi kwathu, kumpoto kwa boma la Mchinji, komwe ukakwera pachulu foni imayamba kukulandira ku Zambia. Tsamba lililonse lili ndi manambala awiri ogawidwa ndi kamzere: 168/96, 150/90, 138/84. Zaka zisanu ndi chimodzi za BP, zolembedwa mokhulupirika ndi manja osiyanasiyana. Za maso mulibe chilichonse, mpaka pa tsamba la chaka chatha pomwe wina adalembapo liwu limodzi lachingerezi, glaucoma, n'kudula mzere kunsi kwake.

Zidadziwika chifukwa cha njinga. Agogo ankapita ndi thumba la mtedza kumsika wa Kapiri ndipo adakawomba ngolo yomwe idatulukira kumanzere kwawo, dzuwa likuswa mtengo.

"Sindidaione, mdzukulu wanga," adandiuza. "Ng'ombe ziwiri zathunthu, koma zidangokhala ngati zachita kugwa kuchokera kumwamba."

Ena pamudzi adati ndi kachasu, chonsecho agogo sadalawepo mowa chibatizidwireni. Ena adanong'ona za mkangano wa malire a munda. Ife apabanja tidati ndi ng'ala, ndipo kunena zoona tidali okondwa, pakuti ng'ala amachotsa munthu n'kuonanso. Ku Lilongwe adatiuza kuti si ng'ala. Diso lakumanzere lidali litafa kale, lakumanja likuona ngati munthu wosuzumira m'bango. Dokotala atayeza, adafunsa funso lomwe ine ndidaliona ngati losokera: "Agogo, mankhwala a BP mumamwa nthawi yanji, m'mawa kapena pogona?" Ine ndimaphunzira mbiri, osati zachipatala. Koma funsoli lidandikhala pamtima, ndipo nditabwerera kukoleji ndidayamba kulilondola. Ndidapeza kuti ndi funso lakale, la zaka zoposa 160.

Poyamba ndifotokoze za diso mmene ndidamvera. Mkati mwake mumapangidwa timadzi usana ndi usiku, ndipo timeneti si misozi. Timatuluka kudzera m'kasefa kakang'ono pamene chakuda cha diso chimakumana ndi choyera. Kasefako kakayamba kutsekeka, pulesha imakwera, diso limalimba ngati tayala lopopedwa mopitirira. Kumbuyo kwa diso kuli retina, kansalu kopyapyala kolandira kuwala, ndipo kuchokera pamenepo timaulusi toposa miliyoni imodzi timasonkhana n'kutulukira pa bowo limodzi kupita ku ubongo. Apa Chichewa chathu chimasokoneza pang'ono, chifukwa chingwe chonyamula uthengachi timati mtsempha, njira ya magazi timatinso mtsempha. Choyambacho ndizichitcha mtsempha woonera. Glaucoma ndi kufa kwapang'onopang'ono kwa mtsempha woonerawu, kuyambira ndi timaulusi toonera m'mbali. Mtundu wake wofala kuno supweteka, sufiiritsa diso, ndipo chimene chafa sichidzukanso.

Dzinali ndi la Agiriki akale, omwe ankangotanthauza mtundu wotuwa mobiriwira womwe ankauona m'maso mwa okalamba osaona. Sankasiyanitsa bwino ndi ng'ala, monga ife pakhonde paja. Mu 1622 Mngelezi wina wochiza maso, Richard Banister, adalemba kuti maso ena osachizika amakhala olimba ukawakhudza ndi chala. Zidathera pomwepo kwa zaka zoposa 200, chifukwa panalibe amene akadatha kuona mkati mwa diso la munthu wamoyo.

Zinthu zidasintha mu 1851 pamene Hermann von Helmholtz wa ku Germany adalengeza kachipangizo ka magalasi kounikira mkati mwa diso. Taganizani: kwa nthawi yoyamba munthu adaona mitsempha ya magazi ikugwira ntchito m'thupi la mnzake popanda kumucheka. Mpaka lero diso ndi malo okhawo pomwe dokotala angaione bwino chotere. Mu 1853 Ernst Coccius adaona kuti mtsempha wotulutsa magazi m'diso umagunda wokha, ukufufuma ndi kuphwa motsatira mtima. Madokotala adaonanso kuti mwa odwala glaucoma, mutu wa mtsempha woonera umakhala wokumbika ngati kambale.

Funso lidali lakuti chakumba n'chiyani, ndipo mu 1858 padatuluka mayankho awiri. Heinrich Müller wa ku Würzburg adati ndi pulesha ya m'diso yomwe imakanikiza timaulusi tija mpaka kufa. Eduard von Jaeger wa ku Vienna adati vuto lili m'mitsempha ya magazi yodyetsa mtsempha woonera. Wina akuti chimanga chafa chifukwa ng'ombe zachiponda, wina akuti chafa ndi chilala. Chodabwitsa n'chakuti chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1857, Albrecht von Graefe wa ku Berlin, katswiri wamkulu wa maso pa nthawiyo, adali atafotokoza za odwala omwe mtsempha wawo udali wokumbika koma diso lili lofewa bwinobwino. Anzake adamutsutsa kwambiri. Umboni woti pulesha yokha sikwanira kufotokoza nthendayi udalipo kuyambira pachiyambi, koma udakankhidwira pakona.

Mbali ya Müller ndiyo idapambana, ndipo ine ndikuona kuti idapambana makamaka chifukwa inkapatsa dokotala chochita. Pulesha unkatha kuitsitsa. Von Graefe yemweyo adaonetsa kuti kudula kachidutswa ka chakuda cha diso kumapulumutsa anthu omwe pulesha yawakwerera mwadzidzidzi. Mu 1876 Ludwig Laqueur wa ku Strasbourg, yemwe nayenso ankadwala glaucoma, adayamba kudontheza m'maso mankhwala ochokera ku nyemba ya ku Calabar, m'dziko lomwe lero ndi Nigeria. Nyembayi anthu a kumeneko ankamwetsa oganiziridwa ufiti, monga makolo athu ankachitira ndi mwabvi. Ndidaseka ndekha m'laibulale nditawerenga izi: mankhwala oyamba a glaucoma adali mwabvi wa anzathu a kuzambwe kwa Africa. Pulesha unkathanso kuiyeza. Mu 1905 Hjalmar Schiøtz wa ku Norway adapanga kasikelo kachitsulo koika pa diso la munthu atagona chagada. Sikafuna magetsi, n'chifukwa chake kadakhalitsa m'zipatala za maiko osauka.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Wolfgang Leydhecker ndi anzake adayeza maso a anthu pafupifupi 10,000 ku Germany n'kupeza kuti ambiri pulesha yawo ili cha m'ma 15 kapena 16. Powerengera masamu adaika malire pa 21. Nambala imeneyi, yomwe idangochokera ku masamu a gulu limodzi la Azungu, idasanduka ngati lamulo la Mose: kupitirira 21 ndiwe wodwala, kutsikira pansi pita kwanu.

A mbali ya magazi sadagonje, kungoti zida zawo zidali zovuta. Mu 1917 Paul Bailliart wa ku Paris adapanga kachipangizo kokanikizira diso kuchokera kunja, dokotala akusuzumira mkati. Akakanikiza mpaka mtsempha wolowetsa magazi utayamba kugunda, ndiye kuti wapeza nambala yapansi ya BP ya mu retina. Akapitiriza mpaka kugundako kutasiya, wapeza yapamwamba. Ndi BP yomwe ija ya pamkono, koma yoyezedwa m'diso. Ganizo lake aliyense amene adathirirapo dimba ndi pampu yopalasa alimva msanga. Madzi amafika ku ndiwo ngati mphamvu ya wopalasa iposa chilichonse chomwe chikufinya payipi. Mwana akaponda payipi, madzi amachepa. Wopalasa akatopa, madzi amachepanso, ngakhale payipi isadapondedwe. M'diso wopalasa ndi mtima, woponda payipi ndi pulesha ya timadzi tija. Chomwe mtsempha woonera umalandira ndi chotsala ukachotsera china ku chinzake.

Umboni wamphamvu udabwera mochedwa, ndipo udachokera kwa anthu akuda. Kafukufuku wa mumzinda wa Baltimore ku America, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 1991, adapeza kuti anthu akuda amadwala glaucoma kuwirikiza kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi azungu, ndipo imawayamba adakali ocheperapo zaka. Adapezanso kuti pafupifupi theka la odwala, pa kuyezedwa koyamba, pulesha yawo sidapitirire malire aja. Lamulo la 21 likadawabweza kwawo. Mu 1995 gulu lomwelo lidachita masamu a payipi aja: lidatenga nambala yapansi ya BP n'kuchotsera pulesha ya diso. Munthu wa BP 120/80 ndi pulesha 15 amatsala ndi 65. Munthu yemwe nambala yake yapansi ndi 55 ndipo pulesha ndi 28 amatsala ndi 27. Omwe adatsala ndi zosakwana 30 adapezeka ndi glaucoma kuwirikiza kasanu n'kamodzi poyerekeza ndi omwe adatsala ndi 50 kapena kuposa. Ku chilumba cha Barbados, komwe anthu akuda 7 mwa 100 aliwonse a zaka 40 kupita m'mwamba adapezeka ndi nthendayi, kulondola anthu kwa zaka zingapo kudaloza komweko. Ku Perth, Australia, William Morgan ndi anzake adabwerera ku kugunda kuja kwa Coccius ndipo mu 2004 adalengeza kuti kumaoneka pafupifupi m'maso onse abwino, koma mwa odwala glaucoma kumaoneka mwa theka lokha, chizindikiro choti magazi akuvutika potuluka.

Nanga funso la dokotala wa ku Lilongwe? Lidachokera kwa Sohan Singh Hayreh, Mmwenye yemwe ankagwira ntchito ku Iowa. Mu 1994 iye ndi anzake adamangirira odwala makina oyeza BP usana ndi usiku, n'kupeza kuti ena omwe maso awo ankapitirira kuwonongeka BP yawo inkatsika kwambiri ali m'tulo, makamaka omwe adali pa mankhwala a BP. Wopalasa pampu ankagona, payipi ili yopondedwa.

Pano ndiyenera kudzigwira, chifukwa nditawerenga zimenezi ndidatsala pang'ono kuimbira agogo kuti ataye mapilitsi. Kukadakhala kupusa koopsa. BP yosasamalidwa imapha ndi sitiroko, imawononga impso, ndipo pakapita zaka imaumitsa timitsempha tomwe tija todyetsa diso. Ndiponso mkangano wa 1858 sudathe. Akatswiri a masamu amati popeza pulesha ya diso ili kale mkati mwa kuchotsera kuja, mwina ndi iyo yokha yomwe ikuonekera m'zotsatira itavala chigoba china. Ena amafunsa kuti chidayamba n'chiyani: mtsempha udafa chifukwa magazi adachepa, kapena magazi adachepa chifukwa mtsempha wakufa sufunanso chakudya? Ndipo mpaka lero chithandizo chokhacho chotsimikizika ndi kutsitsa pulesha ya diso. Ngakhale mwa odwala aja a diso lofewa a von Graefe, kafukufuku wa mu 1998 adaonetsa kuti kuitsitsa ndi magawo 30 pa 100 kumachedwetsa nthendayi. Müller akadali ndi mankhwala m'manja. Von Jaeger ali ndi mafunso omwe Müller sangayankhe. Chomwe dokotala uja adachita ndi kulemba kakalata kopita kwa amene amaona agogo za BP kuti aunike nthawi yomwera mapilitsi, basi.

Tsopano tibwere kwathu. Pamene Schiøtz ankapanga kasikelo kake, boma lathuli lidali linga la asilikali lotchedwa Fort Manning, lomangidwa pa nthawi ya nkhondo ya Angelezi ndi Angoni a Mpezeni. Za maso kwa zaka zambiri zidali m'manja mwa zipatala za mishoni, ndipo akuluakulu a kwathu mpaka lero ukati opaleshoni ya maso amaganiza za ku Nkhoma. Dokotala wa maso woyamba wa Chimalawi, Moses Chirambo, yemwe adadzakhala nduna ya zaumoyo ndipo adamwalira mu 2010, adazindikira kuti madokotala akuluakulu sadzakwanira msanga. M'zaka za m'ma 1980 adatsogolera maphunziro a madokotala othandizira a maso ku Lilongwe, komwe kunkabwera ophunzira ochokera m'maiko ena a kuno kummwera kwa Africa. Zipatala za maboma zikakhala ndi munthu wodziwa maso lero, muzu wake ndi umenewo.

Dziko losauka limayenera kusankha, ndipo lidasankha matenda ooneka komanso otheka kuthana nawo kamodzi. Ng'ala: opaleshoni ya mphindi zochepa, mawa lake gogo akuvina. Trachoma: kafukufuku wa Khumbo Kalua ndi anzake, wofalitsidwa mu 2010, adasankha maboma awiri, Chikwawa ndi Mchinji, ndipo kwathu kuno adapeza kuti mwana mmodzi mwa asanu aliwonse a zaka 1 mpaka 9 adali ndi zizindikiro zake. Anzanga a ku Mchinji mukukumbukira zomwe zidatsatira: alangizi a zaumoyo akutiimika pa ndodo yoyezera msinkhu kusukulu, n'kutimwetsa mankhwala malinga ndi kutalika kwathu. Mu Sepitembala 2022 bungwe la WHO lidalengeza kuti Malawi wathana ndi trachoma ngati vuto la dziko, woyamba kummwera kwa Africa. Ndimanyadira, ndipo sindikufuna wina awerenge nkhaniyi ngati kunyoza ntchito imeneyo.

Pali chinanso chomwe ambiri a ife sitidziwa. Pa nkhani yowerenga mitsempha ya mu retina, Malawi adaphunzitsapo dziko lonse. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Susan Lewallen pamodzi ndi Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo adafotokoza mu 1993 zomwe zimaoneka m'maso mwa ana okomoka ndi malungo a mu ubongo. Ntchitoyo itapitirira, zizindikiro zake zidadziwika bwino: madontho a magazi, zigamba zoyera, timitsempha tosintha mtundu. Mu 2004 adaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi omwe ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo adafa ndi zina, ndipo diso ndilo linkasiyanitsa. Ndiye kusuzumira m'diso si luso lachilendo kuno.

Koma glaucoma sigwirizana ndi kampeni. Ilibe tsiku lovina. Kafukufuku wa kuchigawo chakummwera, wofalitsidwa mu 2011, adapeza kuti mwa anthu osaona a zaka 50 kupita m'mwamba, ng'ala idali ndi pafupifupi theka, ndipo yachiwiri idali glaucoma, pafupifupi 16 pa 100. Ku Kongwa, Tanzania, anthu 4 mwa 100 a zaka zoposa 40 adapezeka nayo, ndipo pafupifupi onse sankadziwa. Ng'ala ikamachotsedwa ndipo anthu akamakhala ndi moyo wautali, gawo la glaucoma lizingokula.

Maganizo anga ndi awa. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 adapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 adali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Akafukufuku ena pambuyo pake adapeza chiwerengero chocheperapo, komabe kuyambira pamenepo makiliniki a BP ndi shuga afalikira. Pa benchi ya kiliniki yoteroyo pamakhala ndani? Anthu a zaka 40, 50, 70, omwe amabwera okha mwezi ndi mwezi, atanyamula buku. Sindikunena kuti BP ndiyo imayambitsa glaucoma. Imakweza pulesha ya diso pang'ono chabe. Ndikunena kuti anthu omwe glaucoma imawafuna akhala kale pamzere, ndipo mankhwala omwe akulandira amakhudza mbali imodzi ya masamu a payipi aja. Zimabwereranso kwina: timolol, mankhwala odontheza omwe adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1978 ndipo ndi omwe amapezeka kwambiri kuno, ndi a banja limodzi ndi mapilitsi ena a BP. Amalowa m'magazi, amatha kuchedwetsa mtima, ndipo ndi oopsa kwa wodwala mphumu. Thupi ndi limodzi, koma ife tidaligawa zitseko ziwiri. Agogo adalowa chitseko cha BP kokwana mwina ka 60. Anamwino adagwira ntchito yawo bwino, manambala adatsika. Panalibe mzere m'kaundula wowauza kuti kamodzi pachaka munthuyu akaonetse maso.

Mnzanga wina yemwe akuphunzira za maso ku Mzuzu adanditsutsa, ndipo mfundo zake n'zolemera. Adati kuyeza pulesha kokha kuphonya theka la odwala, Baltimore idatiphunzitsa kale. Pamafunika munthu wodziwa kuwerenga mutu wa mtsempha, ndipo anthu otero m'boma la anthu oposa 600,000 mungawawerenge ndi zala za dzanja limodzi. Adatinso kumupeza munthu ndi nthenda yomwe sungathe kumuthandiza moyo wake wonse n'kumupatsa nkhawa chabe. Botolo limatha pa mwezi, wodwala saona kusintha kulikonse chifukwa mankhwalawa sabweza kuona, amangoteteza kotsala, ndiye amasiya. Opaleshoni yake, yomwe John Cairns adaifotokoza mu 1968, imafuna kubwererabwerera kuchipatala, ndipo kuchokera pa boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 100, osawerengera kabaza wochokera kumudzi.

Ndikuvomera zonsezo, koma sindikuvomera kuti yankho lake n'kusayang'ana. Mafoni ndi timakamera tojambula retina tilipo tsopano, chithunzi chingathe kutumizidwa kwa katswiri ali kutali. Ndipo ku Moshi, Tanzania, Heiko Philippin ndi anzake adayerekeza timolol ndi chithandizo cha laser chomwe chimatsegula kasefa kaja pa mphindi zochepa. Zotsatira za mu 2021 zidati patatha chaka, laser idagwira ntchito m'maso 61 pa 100, timolol m'maso 31 pa 100. Odwala ake adali ngati agogo anga, ambiri ofika mochedwa. Makinawo ndi odula, inde. Ndodo yoyezera msinkhu ija nayonso idafika kusukulu kwathu chifukwa wina adayamba wawerenga ana odwala n'kulemba nambala.

Agogo akudontheza m'mawa ndi madzulo. Agogo aakazi ndi amene amagwira botolo, chifukwa eni ake amaphonya diso n'kuthira patsaya. Njinga adapatsa msuweni wanga. Kumunda amapitabe, akulondola mzere ndi khasu, ndipo amati chimanga amachiona bwino bola chikhale kutsogolo kwawo.

Dokotala adatiuzanso kuti nthendayi imayenda m'magazi a pabanja, kotero ana ndi abale a agogo onse opitirira zaka 40 akayezetse. Bambo anga ali ndi zaka 52, ndipo nawonso adayamba mapilitsi a BP chaka chatha. Ndidawafotokozera zonsezi pafoni, za Müller, za payipi, za Barbados, mpaka mayunitsi adatsala pang'ono kutha. Adamvetsera osandidula.

"Ndamva, mwanawe," adatero. "Koma ine ndikuona bwinobwino."

"Agogonso ankaona bwinobwino, bambo."

Adakhala chete kanthawi. Kenako adati apita akagulitsa soya.